Giza yoyatsidwa mwa apo ndi apo: mmene mungaletsere tizilombo kuswana m'madzi osamba

Nyumba zambiri zili ndi giza imene imagwira ntchito mwa apo ndi apo. Ina ili kuchipinda cha alendo, imayatsidwa pokhapokha apongozi akabwera. Ina ili m'nyumba imene eni ake anamanga ku Area 49 kapena ku Chileka iwo ali ku Johannesburg kapena ku Leeds, amadzagonamo pa Khirisimasi pokha. Ina ili kukanyumba ka kunyanja ku Mangochi. Ndiye pali ambirife amene timaizimitsa dala poopa kutha kwa mayunitsi a ESCOM, n'kumaiyatsa theka la ola tisanasambe kuti madzi angofunda. M'magiza onsewa muli zinthu ziwiri zimene kachilombo kotchedwa Legionella kamazifuna: madzi ofunda, ndi madzi osayenda.

Kachilomboka kanadziwika pambuyo pa msonkhano wa asilikali opuma pa ntchito a bungwe la American Legion, umene unachitikira mu hotela ina ku Philadelphia, ku America, mu Julayi 1976. Anthu oposa 200 anadwala chibayo chachilendo, ndipo 34 anamwalira. Akatswiri a bungwe la CDC, loona za matenda ku America, anadzakapeza kumayambiriro kwa 1977. Kamakhala m'mitsinje, m'nyanja ndi m'dothi lonyowa, koma kumeneko kamakhala kochepa moti kawirikawiri sikadwalitsa munthu. Vuto limayamba kakalowa m'mapaipi a nyumba n'kupeza pofunda, pabata, pali dzimbiri ndi matope. Munagwirapo m'kati mwa mtsuko umene wakhalitsa osatsukidwa, n'kumva kuterera? Kuterera kotereku kumamera m'kati mwa giza ndi m'mapaipi, ndipo ndi mmene tizilombo timabisala n'kumaswana.

Munthu satenga matendawa pomwa madzi mwa masiku onse, ndipo sapatsirana ngati chimfine. Amawatenga popuma timadontho ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene timauluka madzi akamathovoka. N'chifukwa chake m'nyumba malo oopsa kwambiri ndi shawa.

Manambala oti muwasunge pamtima ndi awa. Madzi akazizira kufika pansi pa madigiri 20, tizilomboti timangogona, sitifa koma sitiswana. Pakati pa 20 ndi 45 timaswana, makamaka cha m'ma 35 mpaka 37, kutentha kwa thupi la munthu. Pa 50 timayamba kufa, koma pang'onopang'ono: pamatenga ola limodzi ndi theka kapena maola awiri kuti 9 mwa 10 tife. Pa 60 zomwezo zimatenga mphindi ziwiri zokha. Pa 70 timafa nthawi yomweyo. Tsono ganizirani giza yozimitsidwa ili m'siling'i, pansi pa malata, mwezi wa Okutobala. Madzi ake sazizira kufika pa 20 ngakhale usiku. Kwathu kuno kuzimitsa giza sikuipanga kukhala yozizira. Kumangoisiya pa kufunda kumene tizilombo timakukonda.

Yambani ndi kuyeza

Musadalire dzanja, ndipo musadalire nambala yolembedwa pa thermostat, kachipangizo kolamulira kutentha kwa giza, chifukwa ikakalamba imanama. Gulani choyezera kutentha cha kukhitchini, chija chokhala ndi kachitsulo kosongoka, chofika madigiri 100. Choyezera thupi cha kuchipatala sichingathandize, chimathera cha m'ma 42 ndipo chingawonongeke.

Yatsani giza, muisiye mpaka itenthe n'kudzizimitsa yokha. Mudzadziwa poyang'ana mita: kagetsi kofiira kamene kamaphethira msangamsanga giza ikamakoka magetsi kamayamba kuphethira mwaulesi. Kenako pitani pampopi wa madzi otentha umene uli pafupi kwambiri ndi giza. Ikani kapu pansi pake, madzi azisefukira, choyezera chili m'kapumo. Muyenera kuona madigiri oyandikira 60. Chitani chimodzimodzi pampopi wakutali kwambiri: pamenepo madzi afike madigiri 50 pasanathe mphindi imodzi. Miyezo iwiriyi, 60 m'giza ndi 50 pampopi, ndi imene bungwe la HSE, loona za chitetezo pa ntchito ku Britain, limalangiza, ndipo imagwira ntchito kulikonse.

Kumbukirani kuti madzi otentha amakwera pamwamba, ndipo mpopi umatunga a pamwambawo. Pansi pa giza, pomwe pamakhala matope, pamakhala pozizirirapo nthawi zonse. Mukapeza 52 pampopi wapafupi, dziwani kuti pansi pake sipanafike n'komwe pa 50.

Ngati madzi sakufika, thermostat ikwezedwe pa 60, kapena pang'ono kupitirira apo. Ili kuseri kwa kachivundikiro kumbali ya giza, pamodzi ndi mawaya a magetsi. Musatsegule musanazimitse switchi ya giza pabokosi la maswitchi a nyumba. Ngati simunagwirepo za magetsi, itanani mmisiri. Ndi ntchito ya mphindi zochepa. Mukaikweza koma madzi osasintha, ndiye kuti thermostat kapena element (chitsulo chotenthetsa madzi m'giza) yatha, isinthidwe.

Sankhani njira imodzi, osati pakati

Pali njira ziwiri zokha zabwino zosamalira giza yotere. Yoyamba ndi yoti munthu aziitenthetsa ndi kuyendetsa madzi ake kamodzi pa sabata. Yachiwiri ndi yoizimitsiratu, aliyense osagwiritsa ntchito madzi ake, ndipo tsiku lobwerera muichitire ntchito yonse yoyeretsa musanasambe. Choipa kwambiri ndi chapakati: kutsitsa thermostat pa 40 kuti musunge magetsi, kapena kuyatsa pang'ono madzi n'kungofunda, inu n'kulowa m'shawa. Ndalama imene mumapulumutsa pamenepo ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene mukuika pachiswe, makamaka ngati pakhomopo pali agogo kapena wodwala.

Tiyeni tiwerengere, poti nkhawa yeniyeni ndi ya mayunitsi. Kutenthetsa malita 150 kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 kumadya mayunitsi pafupifupi 7. Ndi element ya 3 kW zimatenga maola awiri ndi mphindi 20; ndi ya 2 kW, maola atatu ndi theka. Mukamachita kamodzi pa sabata, pa mwezi ndi mayunitsi pafupifupi 30. Apa mukuonanso chifukwa chake theka la ola silikwanira: limangofunditsa madzi, silipha kanthu.

Ntchito ya sabata ndi sabata

Sankhani tsiku limodzi, likhale lomwelo nthawi zonse, ndipo likhale nthawi imene magetsi sakonda kuzima kudera lanu. Ngati muli kunja ndipo nyumba akusunga ndi m'bale kapena alonda, alembereni papepala, mulimate pafupi ndi bokosi la maswitchi, ndipo muziwatumizira mayunitsi ake. Kungonena kuti "muziyatsako giza" sikukwanira. Munthu wofuna kukusungirani ndalama adzaiyatsa mphindi khumi n'kuzimitsa.

Choyamba yatsani giza, idzitenthe mpaka idzizimitse yokha. Ikatero musathamangire kuzimitsa switchi. Isiyeni ola lina lathunthu, kuti kutentha kufike pansi ndi m'makona momwe. Magetsi akazima ntchito ili pakati, akabwera muyambirenso kuwerenga.

Kenako yendetsani madzi. Apa ndi pamene ambiri amalephera, chifukwa amaganiza kuti giza ikatentha ndiye kuti zonse zatha. Madzi amene ali m'paipi yochokera pagiza kukafika kubafa sanatenthedwe. Ndi omwe aja a sabata yatha, ndipo ndi amene amayamba kutuluka mukatsegula shawa. Tsegulani mazenera a kubafa. Tsegulani mpopi wa madzi otentha pang'onopang'ono kuti madzi asathovoke, muwasiye mpaka atenthe kwenikweni, kenako ayende mphindi zina ziwiri kapena zitatu ali otentha choncho. Chitani mpopi umodziumodzi: kukhitchini, pasinki ya kubafa, pabafa, pashawa, osaiwala kampopi ka kuchimbudzi cha alendo kamene palibe amakakhudza. Ngati mpopi ndi wosakaniza madzi otentha ndi ozizira, upotozereni mbali yotentha mpaka kumapeto. Mukatha otentha, tsegulaninso ozizira mphindi ziwiri uliwonse, ndipo gujumulani chimbudzi chivundikiro chili chotseka.

Shawa imafuna njira yakeyake. Ngati ndi ya payipi yopindika, masulani mutu wake, paipiyo muilowetse m'ndowa kapena muigoneke pansi pafupi ndi potulukira madzi. Ngati mutu wake ndi womangirira kukhoma ndipo sukumasuka, uvekeni jumbo, mumange ndi mphira, n'kuboola kabowo pakona ya pansi. Madzi adzatsika ngati chingwe chimodzi m'malo mowaza. Mukatsegula, tulukani, mukadikire panja.

Madzi amenewa musawataye, poti ndi olipira. Asungeni m'ndowa, akazizira mukolopere, muthire m'chimbudzi kapena kumaluwa. Chofunika n'choti muzithira ndi ndowa, osawaika m'chopopera.

Wogwira ntchitoyi asakhale munthu amene ali pa chiopsezo chachikulu: wazaka zoposa 50, wosuta fodya, womwa mowa kwambiri, wodwala shuga, impso kapena chifuwa chokhalitsa, amene ali ndi HIV ndipo chitetezo chake chatsika, kapena amene akulandira mankhwala a khansa. Pakhomo sipalephera kupezeka wachinyamata wamphamvu.

Tsiku lobwerera kunyumba imene inatsekedwa

Munthu wayenda ulendo wautali, watsika ndege ku Kamuzu International Airport kapena basi pa Wenela, thupi lonse fumbi ndi thukuta. Chimene akufuna ndi shawa. Tsiku limenelo shawa iiwaleni. Tenthetsani madzi pambaula kapena pasitovu mpaka awire, musakanize m'ndowa, musambe ndi kapu. Giza muyambe nayo mawa lake, kapena mutume munthu aikonzeretu tsiku limodzi musanafike.

Musayambe ndi kuyatsa magetsi. Yambani ndi kutulutsa madzi akale. Tsegulani mazenera onse, kenako mpopi wa madzi otentha kukhitchini, pang'onopang'ono. Mukamva mpopi ukutsokomola ndi kulavula mpweya, musadabwe, koma pasakhale wosuta fodya kapena moto pafupi: m'giza imene yakhala milungu iwiri kapena kuposerapo osagwira ntchito mumatha kusonkhana mpweya wa hydrogen, umene umayaka. Usiyeni mpopiwo mpaka madzi aziyenda bwino. Kuti madzi onse a m'giza asinthike, tulutsani ochuluka ngati kukula kwake. Giza ya malita 150 ndi ndowa za malita 20 zisanu ndi ziwiri ndi theka. Madzi oyamba akhoza kutuluka ofiirira ndi dzimbiri, kapena onunkha ngati dzira lovunda. Fungolo limachokera ku tizilombo ta mtundu wina, osati Legionella, amene alibe fungo kapena mtundu. Choncho madzi oyera mbee osanunkha si umboni woti ali bwino.

Mukatsimikiza kuti giza yadzaza, madzi akutuluka mosadukiza, ndi pamene muyatse. Element ikayatsidwa m'giza yopanda madzi imapsa nthawi yomweyo. Itenthe mpaka idzizimitse, ikhale ola lina, ndiye muyambe kuyendetsa madzi monga tafotokozera, koma ulendo uno mpopi uliwonse uyende mphindi zisanu madzi ali otentha kwambiri. Giza ya malita 150 singakwanitse mipopi yonse nthawi imodzi. Mukamva kuti madzi ayamba kufunda, tsekani, dikirani itenthenso, mupitirize. Ntchitoyi ikhoza kukutengerani tsiku lonse, ndipo palibe chifukwa choifulumizira. Ana asayandikire kubafa tsiku limenelo.

Ena amafunsa ngati si bwino kungokhuthula giza pochoka. Nthawi zambiri ayi. Simungaiumitse, pansi pamatsala chithaphwi, m'mapaipi mumatsala chinyezi, ndipo mpweya ukalowa dzimbiri limafulumira. Isiyeni yodzaza, muzimitse magetsi ake, mutseke valavu yolowetsa madzi kuti ikadontha isagwetse siling'i inu kulibe. Kukhuthula kumafunika kumaiko kumene madzi amaundana m'mapaipi nyengo yozizira, ndipo ngakhale kumeneko pobwerera ntchito yoyeretsa ndi yomweyi.

Mutu wa shawa, mapaipi osapita kulikonse, ndi matope

Miyezi itatu iliyonse masulani mutu wa shawa. Mukauyang'ana m'kati mudzaona zoyera zouma zotseka timabowo, makamaka ngati madzi anu ndi a pachitsime chokumba ndi makina, komanso zakuda zoterera kuzungulira kamphira. Uviikeni mu viniga maola angapo kuti zoyerazo zisungunuke, mutsuke ndi mswachi wakale, mutsukuluze bwinobwino ndi madzi. Mukatero uviikeni theka la ola m'madzi othira Jik pang'ono, motsatira muyezo wolembedwa pabotolo, n'kutsukuluzanso. Viniga ndi Jik musazisakanize, ngakhale pang'ono. Zikakumana zimatulutsa mpweya wa klorini wopweteka mapapo. Tisefa ta kukamwa kwa mipopi tichitireni chimodzimodzi. Paipi yopindika ya shawa ikakalamba ingosinthani, ndipo mukatha kusamba muziisiya yolendewera kuti madzi atsikemo.

Yendani m'nyumba monse mufufuze mapaipi amene anadulidwa n'kutsekedwa kumapeto: pomwe panali sinki imene munachotsa, kapena pomwe anasiya paipi ya makina ochapira amene sanagulidwe. M'menemo madzi sayenda chaka ndi chaka, kutentha sikufikamo, ndipo tizilombo ta m'menemo timabwerera m'mapaipi ena mukangomaliza kuyeretsa. Mmisiri wa mapaipi aidulire patsinde pomwe inayambira.

Kamodzi pa chaka mmisiri yemweyo akhuthule matope a pansi pa giza kudzera pa valavu yotulutsira madzi, aone ngati kachitsulo koteteza giza ku dzimbiri kanatha, ayesenso valavu yotulutsa mphamvu ya madzi ikachuluka. Valavu imeneyi ikamadontha, ena amaitseka ndi chotsekera kuti isawasowetse mtendere. Musalole zimenezo. Ndi imene imaletsa giza kuphulika thermostat ikafa.

Giza ya dzuwa ndi thanki ya panja

Giza ya dzuwa mu Okutobala imatentha yokha kupitirira 60, nthawi zina mpaka kuwira. Nthawi yovuta ndi ya Juni ndi Julayi, makamaka ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje chiperoni chikagwa masiku angapo, komanso m'masiku a mvula yosalekeza. Madzi amangokhala ofunda sabata yonse. Ngati ili ndi element ya magetsi, iyatseni kamodzi pa sabata ifike pa 60. Ngati ilibe, nyengo imeneyo yezani madzi, ndipo akakhala ofunda chabe odwala ndi okalamba asambe a m'ndowa owiritsa. Ya machubu agalasi ikakhala yopanda madzi musaidzaze masana dzuwa likuswa mtengo, machubu angasweke. Dzazani m'mamawa kwambiri.

Thanki ya pulasitiki ya pansanja nayo ndi mbali ya nkhaniyi, chifukwa ndi imene imadyetsa giza. Klorini amene a Water Board amathira m'madzi amatha mphamvu madzi akakhala masiku angapo, makamaka padzuwa. Ku Chikwawa kapena ku Nsanje n'zovuta kwambiri kusunga madzi pansi pa madigiri 20, ndipo poti mipopi imauma, palibe angakuuzeni kuti musasunge madzi. Chimene mungathe ndi ichi: thanki ikhale ndi chivundikiro chothina, ikhale pamthunzi kapena muimangire kadenga, muitsuke kamodzi pa chaka, ndipo madzi a m'nyumba azidutsa m'thankimo tsiku ndi tsiku m'malo moisunga yodzaza kudikira tsiku la mavuto. Paipi yothirira maluwa imene yagona padzuwa ili ndi madzi m'kati, yambani mwaikhuthulira pansi musanayambe kuwaza.

Madigiri 60 amawotcha

Izi ndiyenera kuzinena mosabisa, chifukwa ndi mtengo wa malangizo onsewa. Madzi a madigiri 60 amasupula khungu m'masekondi ochepa, ndipo la mwana ndi la nkhalamba limapsa msanga kuposa apo. Yankho lake si kutsitsa thermostat. Pothira madzi m'bafa yambani ndi ozizira, otentha pambuyo, muyese ndi chigongono mwana asanalowe. Pakhomo pamene pali ana aang'ono, wodwala khunyu, kapena wodwala shuga amene mapazi ake samva bwino kutentha, mmisiri aike valavu yosakaniza madzi yokha pafupi ndi bafa kapena shawa. Imatulutsa madzi a madigiri cha m'ma 40 pomwe m'giza ali pa 60. Iikidwe pafupi ndi mpopi, osati pagiza penipeni, kuti paipi yonse isadzaze madzi ofunda.

Kwa inu okhala ku Britain, kumbukirani kuti pamene mukuchezera abale kumudzi mwezi wathunthu, thanki ya madzi otentha ya m'nyumba yanu ya lendi nayonso yangokhala. Mukabwerera ichitireni zomwezi. Ngati nyumbayo ili ndi combi boiler, imene imatenthetsa madzi pomwe mwatsegula mpopi, palibe thanki yoti mudere nayo nkhawa. Ingoyendetsani mipopi ndi shawa. Ngati ili ndi heat pump, makina otenthetsa madzi pokoka kutentha kwa panja, musazimitse dongosolo lake lokweza kutentha kamodzi pa sabata. Lamulo la kumeneko limapatsa mwini nyumba udindo wounika chiopsezo cha Legionella, choncho madzi akamalephera kutentha muuzeni, ndipo mumulembere kuti pakhale umboni.

Wina akadwala

Zizindikiro zimayamba pakatha masiku 2 mpaka 10 munthu atapuma timadontho tija: kutentha thupi kwambiri, kuzizidwa, mutu, kuphwanya m'thupi, chifuwa, kubanika, nthawi zina kutsegula m'mimba ndi kusokonezeka mutu. Kwathu kuno aliyense adzati ndi malungo, ndipo n'koyenera kuyezetsa malungo msanga. Koma akapanda kupezeka, kapena munthu akamwa mankhwala a malungo osasintha, chifuwa n'kumakula, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo. Pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 odwala chibayo chimenechi amamwalira, ndipo kuchedwa kulandira mankhwala oyenera kumawonjezera ngozi.

Mukafika auzeni adokotala momveka kuti wodwalayo anasamba m'shawa ya nyumba, loji kapena hotela imene madzi ake anakhalitsa osagwiritsidwa ntchito, ndipo mutchule tsiku lake. Mawu amenewa ndi ofunika chifukwa amoxicillin, amene kawirikawiri amaperekedwa pa chibayo, sagwira Legionella. Pamafunika mankhwala ena monga azithromycin kapena levofloxacin, ndipo woyenera kusankha ndi dokotala, osati kukagula nokha kufamase. Shawa imene mukuikayikirayo asaigwiritsenso ntchito wina aliyense mpaka giza ndi mapaipi ake zitayeretsedwa.